Msonkho wa Kuno ndi wa ku Mozambique

Mau onenedwa kwa mafumu ndi alimi a ku Ntcheu

Pa Lizulu mseu waukulu ndiwo malire: mbali yina Malawi, mbali yina Mozambique. Msika ndi umodzi, koma msonkho upita ku maboma awiri.

Kale maboma onsewa anali kusonkhetsa nyumba. M'chaka cha 1894 Boma la Angerezi linaika masilingi 3 pa nyumba iri yonse. Kwa Apwitikizi, munthu wolephera kusonkha anali kumgwira kuti akagwire chibalo, ndipo ambiri anathawira kuno.

Pambuyo pake maboma anaona kuti ndalama zambiri ziri m'malonda. Mozambique inayamba msonkho wa pa zogula mu 1999, pa 17 peresenti, niutsitsa kufika pa 16 mu 2023. Kuno msonkho wotere unatchedwa VAT mu 2005, ndipo mu 2008 unatsika kuchoka pa 17.5 kufika pa 16.5.

Tsono wogula chitenje kapena malata m'sitolo wasonkha kale, angakhale sanaone msilikali pakhomo pake. Koma katundu wolowa m'tinjira ta kutchire, wozemba chipata cha Biriwiri, amana Boma ndalama zogulira mankhwala ndi zolipirira aphunzitsi. Chifukwa chake wogula asaiwale kufunsa lisiti.