Mankhwala Amene Ali M'manja Mwathu

 Pamene a komiti adandipempha kuti ndidzakambepo za umoyo, adayembekeza kuti ndinena za shuga kapena BP. Ine ndidasankha kutikita thupi. Ndipo m'maŵa uno nditaona m'mene ambirife timatsikira m'galimoto, dzanja lili m'chiuno, nkhope itakwinyika, ndatsimikiza kuti sindidalakwe. Ndagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma, choncho zambiri zomwe ndinene n'zomwe manja angaŵa adakhudza.

Nkhaniyi si yachilendo. Anyamata a mpira mukukumbukira m'mene munkatikitirana akatumba pakhonde la hositelo maseŵera akatha. Kumudzi agogo ankathowa mwendo ndi kansalu konyika m'madzi otentha, amayi nkumasisita khanda ndi mafuta a nsatsi. Ngakhale mafizo a kuchipatala muzu wake umodzi ndi womwewu. M'chaka cha 1894 anamwino ndi azamba anayi ku Britain adakhazikitsa bungwe la akatswiri otikita thupi, ndipo ndi lomwe lidakula kukhala Chartered Society of Physiotherapy.

Kodi kutikita kumachita chiyani kwenikweni? Mnofu womwe wakhala wokungika tsiku lonse umamasuka, magazi amayenda bwino pamalo potikitidwapo, ndipo ululu umachepa. Paja mukagunda chigongono pachitseko, dzanja limathamangira kusisita musanaganize nkomwe. Uthenga wa kukhudza umaphimbako uthenga wa ululu paulendo wake wopita ku ubongo. Munthu amapuma mofatsa, mtima umagunda modekha, ndipo ambiri amagona tulo tabwino usiku umenewo. M'chaka cha 2017 bungwe la madokotala ku America, American College of Physicians, lidalangiza kuti msana ukangoyamba kupweteka m'munsimu, munthu ayambe wayesa njira monga kuthowa ndi kutikita asanathamangire mapilitsi. Kwa ife amene timameza mapilitsi opha ululu ngati mtedza, pomwe ena mwa iwo amapweteka m'mimba ndi impso, langizo limeneli n'lofunika kulimva.

Koma tisanamizane. Mpumulo wake ndi wa masiku kapena masabata oŵerengeka, si wamuyaya. Kutikita sikuchiza shuga, sikuchiza BP, ndipo wina akakuuzani kuti akufinya poizoni m'thupi mwanu, gwirani thumba lanu. M'chaka cha 2012 akatswiri a pa McMaster University ku Canada adapalasitsa njinga amuna 11 mpaka kutopa, natikita mwendo umodzi wokha kwa mphindi 10. Atayeza minofu adapeza kuti zizindikiro za kutupa zidachepa m'mwendo wotikitidwawo, koma asidi uja amati amachoka potikita sadasinthe. Ameneyo thupi limachotsa lokha.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Mafuta ophikira pang'ono kapena Vaseline n'zokwanira. Tenthetsani manja, chotsani mphete. Yambani ndi kusisita mofatsa ndi chikhatho chonse, kuloza kumtima. Kenaka kanyani mnofu monga mukanyira ufa wa mandasi. Pamsana tikitani mbali ziŵirizi, osati pa fupa lapakatilo. Mphindi 10 kapena 15 zakwana. Wotikitidwayo akakukuta mano ndiye kuti mwapyola muyeso. Abambo ena mumayesa ngati mukulima mphanje. Ayi, ameneyo ndi mkazi wanu.

Tsopano ndinene chimene chidandidzutsa kunyumba. Zaka zingapo zapitazo mlongo wanga adabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg, ulendo wa pafupifupi masiku aŵiri ali chikhalire. Patapita masiku atatu adayamba kudandaula katumba wa mwendo wamanzere. Ine namwino wathunthu, osaganiza kaŵiri, ndidati, “Achimwene, gonani apa ndikutikiteni, n'kutopa chabe kumeneku.” Ndidathira mafuta nkuyamba. Pasanathe mphindi ziŵiri manja adandiuza zomwe mutu udaiŵala. Mwendowo udali wotentha, wolimba, ndiponso wotupa kuposa unzake. Thupi lonse lidandizizira. Ndidasiya pomwepo, tidathamangira kuchipatala, ndipo atajambula adapeza kuti magazi adaundana mu mtsempha wa m'kati. Chibuluma chotero chikasunthika chimayenda ndi magazi nkukatseka m'mapapo, ndipo munthu angathe kufa mwadzidzidzi. Achimwene adamwa mankhwala osungunula magazi kwa miyezi ingapo nachira. Mpaka lero amandiseka kuti ndidatsala pang'ono kuŵapha ndi chikondi, koma ine sindiseka nawo kwenikweni.

Choncho mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka, makamaka pambuyo pa ulendo wautali, opaleshoni, uchembere kapena kugona nthaŵi yaitali ndi matenda, musautikite. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso pomwe mukukayikira kuti fupa lathyoka, pomwe munthu wangobinya kumene, pa chilonda, pa chotupa chosadziŵika, ngakhalenso pamene thupi latentha. Msana wopweteka womwe ukudza ndi dzanzi m'miyendo kapena kulephera kusunga mkodzo ufunika dokotala msanga, osati mafuta.

Ambirife tsopano tikusamala makolo kapena anzathu a m'banja amene adagwidwa ndi sitiroko. Kuŵasisita mofatsa manja ndi miyendo n'kwabwino, ndipo wodwala amene aliyense amangomukhudza pomusambitsa pokha amatsitsimuka kwambiri. Koma musakoke mkono wofookawo pomudzutsa, chifukwa pheŵa lake silichedwa kuguluka. Ndipo malo ofiira pa mafupa a m'chiuno kapena pa chidendene musaŵatikite. Ife tidaphunzitsidwa kutero kale, koma zidadziŵika kuti kumangowononga khungu lomwe lavulala kale. Mutembenuzeni kaŵirikaŵiri, monga maola aŵiri alionse.

Bambo Wapampando, ndabwera ndi botolo la mafuta ndi mphasa. Tikatha kudya, amene akufuna kuona kagwiridwe kake andipeze pansi pa mtengo wa mango uja. Mubwere aŵiriaŵiri, chifukwa ine sinditikita munthu lero, ndingokuongolani manja.