Phokoso losamveka lomwe akuliyesa pa khansa

Tiyambe ndi laita, ija ya gasi yongodina, yopanda kagudumu. Mukaidina imathetheka moto, komatu mulibe batire. Muli kachidutswa kolimba kamene kakamenyedwa kamatulutsa magetsi. Zinthu zotere amazitcha piezoelectric, ndipo anazitulukira ndi anthu awiri apachibale, Jacques ndi Pierre Curie, ku Paris mu 1880, poyesa miyala monga quartz.

Kachipangizo kamene adokotala amayendetsa pamimba pa mayi woyembekezera pochita sikani nakonso kali ndi zinthu zomwezi, kungoti apa zimagwira ntchito mobwerera. Zikalandira magetsi zimanjenjemera, n'kutulutsa phokoso lopitirira ma hertz 20,000, loti khutu la munthu silingamve. Ultrasound ndi imeneyo.

Tsono mverani zomwe asayansi akuchita. Amatenga barium titanate, n'kumusandutsa fumbi losaoneka ndi maso, n'kuliika m'madzi. Akatsegula ultrasound, phokoso lija limafinya ndi kutaya kanjere kalikonse maulendo zikwizikwi pa sekondi imodzi, ndiye kanjereko kamakhala ngati kabatire. Magetsi akewo amasokoneza madzi ndi okosijeni zomwe zili pafupi, n'kupanga zinthu zaukali zotchedwa reactive oxygen species, mwachidule ROS. Musaope dzinalo. Hydrogen peroxide uja wochita thovu pabala ali m'gulu lomweli, ndipo maselo oyera a m'magazi mwanu amapanga ROS pofuna kupha tizilombo.

Chomwe chimandisangalatsa ine ndi ichi. Mankhwala ambiri a khansa amayenda thupi lonse, n'chifukwa chake odwala ena tsitsi limathothoka. Koma fumbili limangokhala phee mpaka phokoso litalipeza. Mukalunjikitsa phokoso pachotupa, poizoni amapangidwa pomwepo basi. Komanso ROS waukali kwambiri, hydroxyl radical, amatha msangamsanga, sekondi isanayambe n'komwe kuwerengeka, choncho sapita patali. Ena amayesa zofananazo ndi kuwala, koma kuwala kumangolowa mamilimita ochepa m'thupi, pomwe ultrasound imafika masentimita angapo mkati.

Apa ndiye tisathamange. Zambirizi zachitikira pa maselo a m'mbale ndi pa mbewa za mu labotale, osati mbewa zathu zogulitsa m'mbali mwa msewu zija ayi. Mavuto alipo: mkati mwa zotupa zambiri okosijeni amakhala wochepa, ndipo fumbi lija likamaliza ntchito liyenera kutuluka m'thupi osawononga chiwindi kapena impso.

Ndiye wina akakupezani ndi kamakina konjenjemera n'kumati kamasungunula chotupa, ndalama zanu musamupatse. Sikani ya kuchipatala nayonso siichiza, imangojambula. Ngati azakhali kunyumba akuzengereza kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero, aperekezeni sabata ino.