Za Kumtundu ndi za Mumphika: Chakudya ndi Ubongo wa Mwana

Nkhani yokambidwa kwa alangizi a zaulimi ku Unit O, Chitungwiza



Mwana akachedwa kulankhula, kapena wina akadwala misala pabanja, anthu amafulumira kunena kuti ndi zakumtundu, ndipo kawirikawiri mlandu umagwera mayi. Koma banja siligawana magazi okha. Limadyeranso mumphika umodzi.

Nthenda ya pelagra, imene imakakalitsa khungu, kutsekula m'mimba ndi kusokoneza mutu, inkayesedwa yopatsirana kapena yakumtundu, kufikira Joseph Goldberger, amene anayamba kafukufuku wake ku Amereka mu 1914, anasonyeza kuti gwero lake ndi chakudya. Imagwira anthu odalira chimanga chokha, popeza thupi limalephera kupezamo niacin wokwanira. Mu 1990, mtedza utasowa m'chakudya chogawidwa, anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique anadwala nthendayi kum'mwera kwa Malawi.

Chimodzimodzinso ayodini. Akasowa m'thupi la mayi woyembekezera, ubongo wa mwana sukula bwino, ndipo kuonongekako sikubwezeka. Kusowa kwa folic acid m'mwezi woyamba wa pakati kungachititse kuti msana wa mwana usatsekeke.

Komabe zakumtundu zilipo ndithu. Misala ya schizophrenia ndi vuto la autism zimatsata magazi kwambiri, ndipo palibe chakudya chimene chimazichiza. Ngakhale zili choncho, njala imaonjezera ngozi: mwa ana amene amayi awo anatenga pakati njala itafika pachimake ku Netherlands mu 1944-45, odwala schizophrenia atakula anachuluka pafupifupi kuwirikiza kawiri. Zofananazo zinapezekanso ku China pambuyo pa njala ya 1959-61.

Ku Unit O, kumene malo olima ndi ochepa ndipo madzi ndi ovuta, mlangizi ayenera kuchita izi:

1. Alimbikitse timadimba ta kuseri kwa nyumba ta bonongwe, nkhwani ndi khobwe, komanso kutendera ndiwo ndi nsinjiro.
2. Akumbutse mabanja kugula mchere wa ayodini ndi kuusunga motsekedwa bwino.
3. Afotokoze kuti mu 2017 boma la Zimbabwe linalamula kuti ufa wa chimanga, ufa wa tirigu, shuga ndi mafuta ophikira zizionjezeredwa michere, ndi kuti ufa wa kuchigayo cha m'dera kawirikawiri ulibe micherewo.
4. Atumize msanga kuchipatala mwana wochedwa kukhala, kuyenda kapena kulankhula. Chitungwiza Central Hospital ili pafupi. Mayi wolemedwa ndi maganizo, amene Ashona amati kufungisisa, angathandizidwe ndi agogo a Friendship Bench, ntchito imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare.

Mlangizi si dokotala. Asalonjeze kholo kuti masamba achiza mwana, ndipo asalole wodwala kusiya mankhwala. Gawo lake ndi mphika wa mayi, makamaka asanatenge pakati kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri.