Pulogalamu yokopera ndi chingwe chomwe tikudzipotera tokha

Ndiyambe ndi kudziulula. Mu ofesi yoyamba yomwe ndidagwiramo ntchito ya pa kompyuta mudalibe pulogalamu ngakhale imodzi yogula. Mnyamata wina ankabwera ndi chimbale chake m'thumba, nkuthira Windows ndi Office m'makina onse, ife nkumpatsa ya basi. Palibe ankati taba. Ndikhulupirira kuti ambiri mwa inu mukayatsa makina anu usiku uno mupeza zomwezo.

Lero ndifuna ndikutengereni ku Russia, popeza zomwe zidachitika kumeneko zikutikhudza ife a nyuzipepala ndi a mabungwe omwe si a boma.

M'mudzi wa Sepych, m'chigawo cha Perm, mudali mphunzitsi wamkulu dzina lake Aleksandr Ponosov. Sukulu yake idagula makompyuta omwe adabwera mapulogalamu a Microsoft ali kale m'katimo. M'chaka cha 2006 boma lidamutsegulira mlandu ponena kuti makompyuta 12 adali ndi mapulogalamu akuba, ndipo akadatha kukagwira ukaidi wa zaka zisanu. Nthawiyo dziko la Russia linkafunitsitsa kulowa m'bungwe la zamalonda la WTO, tsono lidayenera kuonetsa dziko la America kuti likulimbana ndi okopera. Koma eni mafakitale odinda zimbale zabodza adawasiya, nkugwira mphunzitsi wa kumudzi. Mu February 2007 Mikhail Gorbachev adalembera kalata Bill Gates kupempha chifundo. Mu May chaka chomwecho khoti lidamulipiritsa ma ruble 5,000, ndipo mpaka mu December 2008 ndi pomwe khoti lalikulu la chigawocho lidati bamboyu alibe mlandu.

Umenewo udali mlandu wopusa chabe. Wachiwiriwu ndiye woopsa. Mu January 2010 boma la Russia, pomwe Vladimir Putin adali nduna yayikulu, lidaloleza kuti fakitale ya mapepala yomwe inkathira zoipa m'nyanja ya Baikal itsegulidwenso. Bungwe lina loteteza zachilengedwe mu mzinda wa Irkutsk, lotchedwa Baikal Environmental Wave, lidayamba kukonza zionetsero. Apolisi sadanene kuti zionetsero nzoletsedwa ayi. Adangofika mu ofesi nkunena kuti akufufuza mapulogalamu akuba a Microsoft, basi nkunyamula makompyuta. M'makinamo mudali makalata, mayina a anthu ndi mapulani onse. A bungwelo adati mapulogalamu awo adali ogula ndipo malisiti adali nawo, koma apolisi sadalabadire. Nyuzipepala ya New York Times itavumbula nkhaniyi mu September 2010, zidadziwika kuti mchitidwewu udali wofala, ndipo nthawi zina maloya oimira Microsoft ankathandizira milanduyo. Kampaniyo idachita manyazi, nkulengeza chilolezo chaulere kwa mabungwe ndi nyuzipepala zazing'ono zoima pazokha, choyamba ku Russia, kenaka m'maiko 12. Dziko lathu silidali pa mndandandawo.

Inu amene mudakhalako kunja kaamba ka ndale simufuna kuti ndikumasulireni. Mukukumbuka Forfeiture Act ya 1966, momwe munthu ankagona ali ndi sitolo nkudzuka alibe kanthu. Boma lankhanza silivutika kupeka lamulo latsopano ngati lakale lingagwire ntchito. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nyuzipepala yomwe ikufufuza za katangale kwinaku makina ake onse ndi okopera yapereka yokha chifukwa chomwe apolisi angagogodere pakhomo, ndipo khoti lingavomereze kuti chikalata chawo chofufuzira nchovomerezeka.

Tsono kodi ndikuti kukopera konse ndi tchimo? Pakamwa panga sipangatuluke mawu amenewo. M'chaka cha 1992, kalata ya maepiskopi itawerengedwa pa 8 March, boma lidati kupezeka nayo ndi mlandu, ndipo anthu adamangidwa kaamba ka fotokope ndi fakisi. Matipate yomwe tili nayoyi idayenda pa mapepala okopera. Koma tisadzinamize poika zonse m'dengu limodzi. Eni kalata ija ankafuna kuti ifalikire. Woimba yemwe nyimbo zake zikukoperedwa pa msika iye nkugona ndi njala sadavomere zimenezo, ndipo nchifukwa chake bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992. Wolemba pulogalamu nayenso ndi mmisiri, adakhetsa thukuta.

Pomwe ndimakangana ndi makampani akuluakuluwa ndi pa mtengo. Kupanga pulogalamu koyamba kumadya ndalama zambiri, zoona, koma kope lachiwiri ndi la miliyoni sililira kanthu. Nanga bwanji mphunzitsi wa ku Ntchisi azilipira mtengo wofanana ndi loya wa ku London? Iwo eni adaonetsa kuti mtengo ungatsike. Mu 2003 boma la Thailand lidayamba kugulitsa makompyuta otchipa okhala ndi Linux, yomwe njaulere. Posakhalitsa Microsoft idapereka Windows ndi Office pamodzi pa mtengo wosafika madola 40 a ku America. Sichidali chifundo chimenecho. Adaona kuti msika ukuwapulumuka.

Za maloko omwe amaika pofuna kuletsa kukopera ndingonena pang'ono. Mu 2005 kampani ya Sony BMG idagulitsa ma CD a nyimbo omwe ankalowetsa mobisa pulogalamu m'kompyuta ya wogula, ndipo pulogalamuyo idatsegula khomo kwa mavairasi. Amene adapwetekeka ndi omwe adagula moona mtima. Wokopera sadamve kanthu. Kampani ili ndi ufulu wotseka nkhokwe yake, koma ilibe ufulu wolowa m'nyumba mwanga mwakachetechete nkumasintha maloko.

Pempho langa likupita kwa akonzi ndi atsogoleri a mabungwe muli muno. Sabata ino uzani wina ayendere kompyuta iliyonse mu ofesi, alembe zomwe zilimo. Zomwe mudagula, sungani malisiti ake, ndipo ena mukasunge kunja kwa ofesi. Zomwe simungakwanitse kugula, chotsani, muikemo Ubuntu ndi LibreOffice, zomwe lamulo likukulolani kukopera ndi kugawira aliyense. Sindikunamizani, sabata zoyamba alembi anu adzang'ung'udza kuti zinthu sizili pomwe adazolowera. Ponosov uja, mlandu wake utamutopetsa, adasiya ukulu wa sukulu nayamba kulimbikitsa masukulu a kwawo kuti agwiritse ntchito Linux.

Wapampando, ndaona kuti mwayang'ana wotchi kawiri. Ndabwera ndi ka fulashi m'thumbamu. Ofuna kukopera mundipeze pa nthawi ya tiyi.