Madotolo Oyesa Impso pa Galasi

(Mau amene anakambidwa pa msonkhano wa mafumu ndi aphunzitsi)

Lero ndifuna tikambirane za madotolo ena a ku sukulu za udotolo amene wodwala sawaona nkhope, koma mau ao ndiwo atsogolera dotolo wa m'chipatala posankha mankhwala a munthu wodwala impso.

Tonse taziona impso za mbuzi. Zathunso ziri ziwiri, ndipo mu impso iri yonse muli tisefa tating'ono ngati 1,000,000. Pa tsiku limodzi tisefati tisefa madzi a m'magazi okwana malita 180, ndiwo zidebe 9 za malita 20. Koma thupi libweza pafupifupi onse, ndipo mkodzo kawirikawiri sukwana malita 2. Tisefati tikaonongeka, chakudya cha m'magazi chotchedwa puloteni chitayikira mu mkodzo. Pamenepo mkodzo uchita thobvu, nkhope itupa m'mawa, miyendo ndi mimba zitupanso. Kwathu kuno tikaona mwana wotupa motero tifulumira kunena kuti ndi tsempho, ndi kuyamba kufunsana kuti walakwa ndani.

Bvuto nali: nthenda zambiri za impso zitupitsa mofanana, koma mankhwala ache ndi osiyana. Pali mankhwala otchedwa prednisolone amene aphwetsa ana ambiri pa masabata owerengeka. Koma mankhwala omwewo afooketsa mphamvu ya thupi yolimbana ndi matenda, kotero kuti kumwetsa munthu amene nthenda yache siwamvera ndiko kumtsegulira khomo la chifuwa chachikuru pachabe.

Kale dotolo analibe njira yapafupi yoonera impso ya munthu wamoyo. M'chaka cha 1951 madotolo awiri a ku Copenhagen, Poul Iversen ndi Claus Brun, analemba za njira yotengera kachidutswa ka impso ndi singano. Mu 1954 Robert Kark ndi Robert Muehrcke a ku University of Illinois, mu mzinda wa Chicago, anaikonza njirayo pogoneka wodwala chafufumimba, ndipo Conrad Pirani ndiye ankawerenga tizidutswato pa galasi.

Apa mumvetse bwino, pakuti mphekesera sizichedwa kuyenda. Impso sachotsa ai. Dotolo abaya mankhwala a dzanzi kumsana, nayang'ana impso pa makina, natenga kanyama konga ulusi, kosakwana utali wa theka la kamtengo ka machesi. Wodwala agona maora angapo kuti aone ngati sakutaya magazi, ndipo ena mkodzo wao ufiirako tsiku limodzi kapena awiri.

Kanyamako kapita ku nyumba yoyesera, kumene akagawa patatu. Gawo loyamba aliumitsa m'phula ndi kulisenga mopyapyala, kotero kuti tizidutswa 20 tosanjikiza ndiye tilingana ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Atithira utoto ndi kutiona pa maikulosikopu. Lachiwiri aliumitsa ndi chisanu, nalithira mankhwala owala mobiriwira pamene pali ponse asilikari a thupi alakwitsa ndi kuunjikana pa tisefa. Lachitatu lipita pa makina amphamvu a magetsi okuza chinthu kambirimbiri. Ntchito imeneyi ndi ya mtengo wapatali, ndipo nyumba imodzi yotere ilandira tizidutswa tochokera ku zipatala zambiri zakutali.

Chimene chinandikondweretsa ine koposa ndi cha ku Ibadan, m'dziko la Nigeria. Mu 1963 madotolo Gilles ndi Hendrickse anaona kuti ana ambiri otupa a kumeneko anali ndi malungo a mtundu wobwera pakapita masiku atatu. Pambuyo pache, poyesa impso za anawo pa galasi, anapeza kuti makoma a tisefa tao anali atakhuthala, mosiyana ndi ana a ku Ulaya, ndipo prednisolone sanali kuwathandiza ambiri a iwo. Buku lolembedwa ku Ulaya silikadawauza zimenezi.

Si wotupa ali yense afunika singano imeneyi. Ana ambiri ayamba apatsidwa mankhwala, ndipo ayesedwa pokhapokha akalephera kuphwa. Inu aphunzitsi, mukaona mwana wafika ku sukulu maso ali otupa masiku awiri kapena atatu, muuze makolo ache apite naye ku chipatala akamuyese mkodzo. Aviika kapepala mu mkodzomo, ndipo yankho lituluka nthawi yomweyo.