Galimoto Ikakana Kulira, Yambani Mwamvetsera

Mawu amene adalankhulidwa pa msonkhano wa eni galimoto ndi madalaivala a m'wodi muno

Ine ndine makaniko, ndipo ndiyamba ndi zimene zidandionekera usiku wina m'nyengo yozizira.

Adandidzutsa pakati pa usiku kuti mayi wina woyembekezera matenda ayamba, koma galimoto yokhayo ya m'mudzimo yakana kulira. Nditafika ndidapeza anyamata atamasula mapulagi onse ndi paipi ya mafuta, aliyense akunena zake. Vuto lenileni lidali temino ya batire imene idakhwefuka basi. Kuimanga kudanditengera mphindi ziwiri, pamene kubwezeretsa zimene anyamata aja adamasula kudatha ola lathunthu. Mayi uja adapita kuchipatala pa njinga yamoto, mumdima ndi mphepo. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Pempho langa lero ndi lakuti galimoto ikakana kulira, musathamangire sipanala. Potokolani kiyi, mumvetsere, chifukwa phokoso limene mumve ndilo likuuzeni koyambira.

Choyamba, mwina galimoto ili zii, kapena ikungomveka tha-tha-tha motsatizana. Apa vuto ndi la magetsi. Yatsani nyali zakutsogolo ndi kuliza hutala. Ngati nyali zikuwala mofooka, kapena zikuzima mukapotokola kiyi, batire yatha mphamvu kapena matemino sakugwira bwino. Tsegulani boneti, mugwedeze matemino ndi dzanja. Temino yomangika bwino sisuntha. Mukaona ufa woyera kapena wobiriwira pamenepo, masulani, mutsuke ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda, mupale mpaka chitsulo chiwale. Pomasula yambani ndi temino ya chizindikiro cha kuchotsera, ndipo pomanga ikhale yomaliza. Mukatero sipanala siithetheka moto ikakhudza chitsulo cha galimoto. Fodya asayandikire, pakuti mpweya wotuluka m'batire umayaka.

Ngati nyali zikuwala bwino koma mukumva tha kamodzi kokha, kawirikawiri vuto limakhala sitata. Wina aigogode pang'ono ndi mtengo pamene inu mukupotokola kiyi. Ikalira, dziwani kuti mwangopeza mwayi wokafika ku galaja, sitatayo sinachire. Ngati nyali zikuwala koma palibe phokoso lililonse, yang'anani giya. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimene tili nazo ndi za otomatiki, ndipo sizilira pokhapokha giya ili pa P kapena pa N. Pondani buleki, muike pa N, muyesenso. Zina za giya yamanja zimafuna kuti muponde klachi mpaka pansi.

Chachiwiri, mwina sitata ikuzunguza injini bwinobwino koma injiniyo siikugwira. Apa batire ilibe mlandu. Injini ya petulo imafuna mafuta, mpweya ndi moto wa mapulagi, ndiye chimodzi mwa zitatuzi chasowa. Yambani ndi mafuta, ndipo geji musaikhulupirire kwambiri, makamaka galimoto ikaima pamtsetse mafuta ali ochepa. Mukaika kiyi poyatsa nyali za pa dashibodi, galimoto zambiri za petulo zimamveka kung'ung'udza cha ku thanki kwa masekondi awiri kapena atatu. Imeneyo ndi pampu ya mafuta. Ikakhala chete, yang'anani fyuzi yake, ndipo yakupsa muilowetse m'malo ndi ya nambala yomweyo. Kulumikiza ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu ndiko kumene kumatenthetsa galimoto.

Dzifunseninso zimene zidachitika dzulo. Kodi mudathira mafuta a m'zigubu? Amenewo nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zinyalala zimene zimatseka sefa. Kodi mudatsuka injini, kapena kudutsa pamadzi? Mawaya a mapulagi akanyowa, aumitseni. Koma galimoto ikazima m'kati mwa madzi akuya, monga zimachitikira pa madambo athu m'dzinja, musaiyese n'komwe kuiliza. Madzi akalowa m'injini amapinda zitsulo za m'kati, ndipo mtengo wokonzera umaposa kutali wa kuikoka.

Eni galimoto za dizilo, m'mawa wa June ndi July dikirani kuti kanyali kooneka ngati waya wopiringizika kazime musanalize, chifukwa injini imayamba yatenthetsedwa. Dizilo akakutherani, m'mapaipi mumalowa mpweya, choncho kuthira wina kokha sikukwanira. Galimoto zambiri zili ndi kapampu ka dzanja pamwamba pa sefa. Kapopeni mpaka kalimbe. Ndipo kwa tonsefe, sitata isazungulire kupitirira masekondi 10 nthawi imodzi. Ipumitseni kwa mphindi, apo ayi muipsereza ndi kumaliza batire.

Chachitatu, pali galimoto imene imalira ikajampidwa, mawa lake n'kukananso. Ambiri amathamangira kugula batire yatsopano pamene chofa ndi alitaneta, imene imabwezera mphamvu m'batire injini ikamayenda. Kanyali kofiira ka chithunzi cha batire kakamayakabe injini ikulira, onani lamba wa alitaneta ngati sadakhwefuke kapena kuduka. Makaniko ali ndi mita yoyezera. Batire yodzaza imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini ili chete, ndipo ikamalira ayenera kukwera kufika cha pa 14. Muyezetse musanatulutse ndalama, pajatu safunsa adadya phula.

Pojampa, waya wofiira ulumikize chizindikiro cha kuphatikiza cha batire yofooka ndi cha batire yamphamvu. Waya wakuda uchoke pa chizindikiro cha kuchotsera cha batire yamphamvu, ukagwire chitsulo cha injini ya galimoto yakufayo, patali ndi batire. Kusinthanitsa mawayawa kumaononga kompyuta ya galimoto. Musajampe galimoto yaing'ono kuchokera ku lole yaikulu, chifukwa malole ambiri amayendera mavoti 24. Kukankha kumathandiza galimoto ya giya yamanja yokha: kiyi atsegulidwe, giya yachiwiri, klachi pansi, ndipo ikathamanga pang'ono musiye klachi. Ya otomatiki ngakhale mudzi wonse utaikankha, siilira.

Zambiri mwa izi n'zopeweka. Batire ya galimoto isamachotsedwe madzulo kukayatsira wailesi ndi kutchajira mafoni, chifukwa sidapangidwire kukhetsedwa mphamvu chotero, ndipo imafa msanga. Galimoto yokhalitsa osayenda muziiyendetsako sabata iliyonse. Sitata ikayamba kuzungulira mwaulesi m'mawa, limenelo ndi chenjezo, musadikire tsiku la ngozi.

Pomaliza, mafumu ndi a komiti, ndili ndi mapempho awiri. Galimoto iliyonse imene mudzi umadalira ponyamula odwala ikhale ndi majampa, tochi, mafyuzi apadera ndi sipanala ya nambala 10, imene imamanga matemino a galimoto zambiri. Komanso komiti ya mudzi uliwonse isunge nambala za foni za eni galimoto awiri kapena atatu ndi za chipatala chapafupi. Wodwala akakhala pangozi ndipo mwaona matemino, giya ndi mafuta koma galimoto ikukanabe, itanani ina nthawi yomweyo. Yowonongekayo tidzaikonza kukacha.