Kachitini ka Mwadzidzidzi Pakhomo



Pamene namondwe Freddy anagwa mu 2023, milatho inakokoloka, ndipo ovulala ambiri sanathe kufika msanga kuchipatala. Chifukwa chake ndikupemphani, mayi aliyense asunge chitini chotseka bwino pamwamba, posafika madzi kapena ana. Muikemo sopo, thonje, bandeji, lumo latsopano, klorini wothira m'madzi akumwa, ndi nsalu zowiritsa ndi kusita. Chitenje chakale chikwanira, musadandaule za ndalama.

Mwana akatemeka, yambani mwasamba m'manja. Psinjani bala kufikira magazi aleke, mulitsuke ndi madzi owiritsa atazizira, nimumange ndi nsalu ija. Zothira dothi, phulusa kapena ndowe pabala, amayi, tizileke ndithu; ndimo mulowera kafumbata. Bala likakhala lakuya kapena la mafinya, thamangani naye mwanayo kuchipatala.